Chigwiriro Chatsopano

Pilato anakhala pamwala m'mbali mwa mtsinje wa Muloza, akukwecha mpeni ndi mchenga, thukuta lili kamukamu. Mpeniwo unali wa malemu malume ake, mlenje wa nguluwe. Pamene Pilato ankathawa nkhanza za Apwitikizi, mayi ake anamupatsa mpeniwo kuti akaonetse mng'ono wawo Esteri, amene anakwatiwa kale kutsidya la Mulanje. Akauzindikira, akampatsa pomanga ndi polima. Kupanda apo, chotsala chinali thangata pamunda wa mzungu.

Koma Pilato anali wamatama, munthu wosauka koma woyenda ngati mwini dziko. Dzimbiri linkamchititsa manyazi. Chigwiriro cha nyanga, chong'aluka ndi chomangidwa ndi chikopa chakuda, chinkamunyansa. Anachigulula, n'kuchiponya m'madzi, n'kusema china cha mlombwa.

"Mwataya chiyani?" anafunsa mkazi wake Janeti.

"Nyansi. Ukufuna abale anga aziti kwabwera opemphapempha? Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa."

"Kuthwa kwake mudzadya komweko," anatero Janeti, n'kusenza mtolo.

Ku Thuchila anthu anawalozera nyumba ya Esteri. Pakhonde panali mayi wokalamba, ndipo Pilato atatukula mpeni kuti uwale padzuwa, nkhope ya mayiyo sinasinthe. Esteri anali atachita khungu.

"Mukuti ndinu mwana wa achemwali anga? Chaka chino aliyense wowoloka Muloza ndi mwana wa achemwali anga. Bweretsani kuno mpeni mukunenawo."

Zala zake zinayenda pachitsulo, zinafika pachigwiriro, n'kuima. Anaununkhiza.

"Wa alongo anga ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Nguluwe inaluma chigwiriro, ndipo chikopa ndinamanga ndine, mfundo ziwiri."

"Ndi womwewo, mayi. Ndangoukonza kuti ukongole."

"Mwaukonza." Esteri anaseka pang'ono, kuseka kopanda chisoni. "Mtengo uwu ukadali ndi utomoni, bambo. Munthu wobadwa kwathu sangataye dzanja la malume ake chifukwa lada."

Pilato anatchula mayina a agogo, a mudzi, ngakhale a agalu a mlenjeyo. Zonsezo munthu akhoza kuzitola m'njira, ndipo Esteri anamuuza choncho. Anamubwezera mpeniwo mwaulemu, ndi manja awiri.

"Wakuthwa ndithu. Kwa mzungu akufuna osenga tchire, ukakuthandizani."

Janeti sanamuyang'ane n'komwe mwamuna wake. Anasenzanso mtolo uja, n'kufunsa njira ya kwa mzunguyo.