Mazira a kwa a Wiebe

Poyeza poizoni m'chakudya pamafunika china choyera choti uyerekezere nacho. Sjoukje, yemwe ankafufuza mazira a nkhuku zapakhomo pa yunivesite, sanachite kuganiza kawiri. Anangotenga a kwa bambo ake, a Wiebe, kumudzi kwawo ku Friesland, kopanda fakitale ngakhale imodzi.

"Abweranso mazira opatulika aja," ankamuseka Douwe, mnzake wa mu labu. "Nkhuku za kwanuzo zimapita kutchalitchi eti?"

Tsiku la zotsatira Douwe nthabwala zinamuthera. Anatsuka zipangizo, nayezanso, koma ayi ndithu, makina analibe mlandu. Poizoni ankafufuzayo, mankhwala osawola amene akalowa m'magazi satulukamo msanga, anachuluka m'mazira a kwa a Wiebe kuposa m'mazira ochokera pafupi ndi mafakitale. Nkhuku zinkawatola m'nyongolotsi za pakhomo pomwepo.

Sjoukje anapita kumudziko Lamlungu, mvula ikuwaza. Anapeza bambo ake akukazinga mazira oika pa buledi ndi tchizi.

"Wafika bwino, dokotala wa mazira. Khala pansi, waonda ngati ndodo."

"Bambo, zimitsani kaye moto."

Anawauza zonse: mazira asadyedwenso, asapatsidwenso kwa anansi, nkhukuzo zichoke. A Wiebe anaika pansi supuni yokazingira. Nkhukuzo n'zimene zinkawadzutsa m'mawa, ndipo Sjoukje ankadikira mkangano. Mkangano sunabwere.

"Amayi ako aja," anatero a Wiebe chapansipansi, "impso zitayamba kuwavuta, chakudya china chilichonse ankachikana. Ndinkawaphikira awiri tsiku lililonse, ofewa. Ndinkati awapatse mphamvu." Anatembenukira kwa Sjoukje. "Ndinawapha ndine kodi?"

Apa mwana wina aliyense akanangoti ayi, bambo, n'kuwagwira dzanja, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma sukulu nayo, abale! Munthu wazolowera kusanena chimene sanachiyeze, lilime limachita kuuma.

"Pa munthu mmodzi sitingatsimikize, bambo. Umboni wake ndi wosakwanira."

Anadzimva yekha mawuwo akutuluka, ozizira ngati akuyankha mapulofesa, ndipo anadzida. Anayesa kukonza, akuti ayi, sindimatanthauza choncho, koma madzi anali atatayika kale.

A Wiebe anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Sunati ayi," anatero.

Anazimitsa moto, n'kukhala pansi moyang'ana khoma.