Chitseko Chimene Bambo Anasankha

Tsiku limene zinamveka kuti Mbaliwali watengedwa kuyunivesite kukaphunzira sayansi ya makompyuta, bambo ake sanawotcherere chitsulo ngakhale chimodzi. Anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kuzungulira msewu wonse atavala ovololo yawo yobookabooka ndi moto, kuuza aliyense ngakhale amene sanafunse. Ndipo popeza makutu awo anatha kalekale ndi kulira kwa makina odulira zitsulo, akamati akunong'oneza wometa tsitsi, nkhani ankaimva ndi anthu a tsidya lina la msewu.

"Mwana wanga ameneyu! Makompyuta! Osati zongobayabaya mabatani ayi, iye azikaipatsa nzeru kompyutayo!"

Dzina loti Mbaliwali anamupatsa ndi iwo omwe ali wamng'ono, chifukwa anali wamtima wapachala, wothetheka msanga ngati chitsulo chikakumana ndi chodulira.

Malowo Mbaliwali sanachite kuwatola pansi. Kosi imeneyi inkafuna giredi yapamwamba zedi pa masamu ndi ina yosatsika pa fizikisi, ndipo olimbirana anali ochuluka ngati nyerere pa fupa. Ulendo woyamba masamu anawakhoza, koma fizikisi inamugwetsa ndi pang'onong'ono. Kusukulu kwake kunalibe labu, ndipo mphunzitsi wa fizikisi anachoka pakati pa chaka osabweranso wina. Koma osankha ophunzira alibe nazo ntchito zimenezo. Mwana amene zipangizo anangoziona pa chithunzi amamuika pa sikelo imodzi ndi mwana amene anazigwira mpaka kutopa nazo, n'kumati ndiye chilungamo. Mbaliwali analira tsiku limodzi, kenako anakwiya chaka chonse. Anadziphunzitsa yekha kuseri kwa shopu, buku lobwereka atalitsamiritsa pa dramu, foni yosweka galasi ili pambali, bambo ake akudula zitsulo seri kwa khoma la malata. Atalembanso mayeso, sikelo ija inasowa chonena.

Komabe panali lamulo: wolephera masamu chaka choyamba amachotsedwa pa kosiyo. Ndipo zipinda za pasukulu zinali zitadzaza kale.

Apa m'pamene analowerera azakhali, alongo awo aakulu a bambo, amene ankakhala mumzinda momwe munali yunivesiteyo, m'nyumba ya mpanda wautali.

"Mwana wa mchimwene wanga akagone kwa anthu osawadziwa ine ndili moyo?" anatero pafoni. "Chibale n'chiyani nanga? Abwere kuno. Nyumba ndi yabata, awerenga mpaka maso atuwe."

Mbaliwali ankalidziwa bata limenelo. M'nyumbamo munali adzukulu aang'ono atatu, ndipo wantchito anali atangothawa kumene. Msuweni wake wina anapitako kale kukaphunzira unamwino, n'kubwerako akudziwa kusintha matewera koma jakisoni osamudziwa. Bambo nawo ankazidziwa zimenezi, koma azakhaliwa ndi amene anawalera makolo atamwalira, ndipo mawu oti ayi sankatuluka pakamwa pawo pamaso pa alongo awo. Anangoti, "Tiyambe taona kaye zipinda za lendi, achemwali."

"Onani. Koma chikapanda kupezeka choyenera mwana wamkazi, abwera kwanga. Nkhani yathera pamenepo."

Ndiye bambo anatsogola okha kukasaka chipinda. Anabwerako akuyenda monyang'wa, fumbi lili mbuu kumapazi.

"Ndazungulira, mwana wanga. Zipinda za ana a sukulu zija n'zochititsa manyazi. Chitseko china ndinangochikankha ndi chala, mahinjesi n'kulira ngati mwanapiye. Kwina zitsulo za pawindo anangozimata ndi malovu, wowotcherera wake ndikanamupeza ndikanamulanda ndodo zake. Koma chimene ndapeza, ha! Ukachiona wekha."

"Soketi ilimo, bambo?"

"Eti?"

"Soketi! Ya magetsi!"

"Ilimo, ilimo. Koma chitsekocho!"

Anapita onse mumzinda, n'kufikira kwa azakhali. M'mawa mwake, akudikira kuti apite kukaona chipindacho, Mbaliwali anakhala pa tebulo lodyera n'kutsegula buku la masamu a chaka choyamba limene anagula kwa wogulitsa mabuku akale. Nyumbayo inalidi zii, moti ankamva firiji ikupuma. Atangowerenga mzere woyamba, anamva azakhali akuitana, "Mbaliwali, tamupukute mphuno uyu." Anapukuta, n'kubwerera. "Mbaliwali, taona ngati madzi awira." Anali atawira. "Mbaliwali, poti waima kale, tanditengera magalasi kuchipinda." Pamene ankanyamuka ulendo, anali akadali pa mzere woyamba womwe uja.

Anafika onse atatu, iye, bambo ndi azakhali, nthawi ya chakudya chamasana. Kunali kanjira kopapatiza kuseri kwa mashopu, kodzaza utuchi ndi zidutswa za matabwa. Mayi eninyumba, wamfupi wonenepa wokhala ndi makiyi m'chiuno, anawatsogolera mpaka pa chipinda chakumapeto.

Chitsekocho chinali chitsekodi. Chachitsulo chokhuthala, chopentedwa mobiriwira, cha mahinjesi onenepa ngati dzanja la mwana. Bambo anachisisita ngati ng'ombe yawo.

"Taonani msoko uwu, achemwali. Wosalala ngati anasoka ndi telala. Amene anawotcherera apa ankaopa Mulungu." Anachigwedeza ndi mphamvu zonse, icho osasuntha. Kenako anagwira zitsulo za pawindo n'kulendewerapo, mapazi m'mwamba. "Mbava ibwere ndi abale ake onse, ikabwerera ndi njala!"

Mayi eninyumba anaseka. "Tsiku lija anachitanso chimodzimodzi. Ndinkangoti andigwetsera khoma."

M'katimo munali bedi, kashelefu, soketi pafupi ndi windo, ndi katebulo kotsimphina mwendo umodzi. Kuwala kunkalowa bwino. Kusukulu unali ulendo wapansi. Azakhali anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi pa bedi, anatsegula mpopi panja, kufunafuna chilema, koma osachipeza. Mtima wa Mbaliwali unayamba kukhala m'malo.

Kenako seri kwa khoma munthu wina anatsokomola, china chake chinalira kuti khethe, ndipo makina ochekera matabwa anadzuka.

Linali phokoso lolowa m'mano. Linayamba chapansipansi, n'kukwera, ndipo thabwa litalowa pa macheka linakuwa mpaka galasi la pawindo linanjenjemera. Akalipentala anali atabwerako kokadya.

Azakhali anagwira makutu. Kenako anaseka chikhakhali, mpaka kutsamira chitseko chija.

"Achimwene! Ichi ndiye chipinda chimene mwatiyendetsera? Mwana awerenge muno?"

Bambo anawayang'ana akumwetulirabe, poganiza kuti akuyamikira. "Eti? Chokongola, si choncho?"

"Phokoso! Simukulimva phokosoli?"

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Anayang'ana pakamwa pa alongo awo, anayang'ana mwana wawo, kenako anapita pakhoma n'kuikapo chikhatho. Mbaliwali anaona dzanja lija, lodzaza zipsera za moto, likunjenjemera limodzi ndi khoma. Anazindikira kuti tsiku limene bambo anabwera okha makinawa ankalira chomwechi, ndipo kwa iwo kunali ngati kulira kwa ntchentche.

"Limayamba m'mawa mpaka madzulo," anatero mayi eninyumba mwamanyazi. "Ine ndinkayesa alimva. Enatu akangolimva amathawa, n'chifukwa chake chipindachi chinatsala."

"Mwaona?" anatero azakhali, akupukuta misozi ya kuseka. "Kutuma gonthi kukasankha malo owerengera! Munthu wasankha chitseko, chipinda osachiona. Basi, masewera atha. Mwana abwera kwathu."

Bambo anachotsa dzanja pakhoma n'kulipukuta pa buluku, ngati lagwira chonyansa. Mapewa aja amene anazungulira nawo msewu wonse anagwa. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake, Mbaliwali anawamva akulankhula motsitsa.

"Ndalakwitsa, mwana wanga. Achemwali akunena zoona. Upite nawo."

Moto unamukwera Mbaliwali kuchokera m'mimba mpaka kumaso. Mawu anali atafika kale pa lilime, oipa, oti akawatulutsa sangawabwezenso: za matewera, za msuweni uja, za makutu amene anathera pa ntchito imene inamuphunzitsa iye pamene ena ankangotumiza moni pafoni. Anakukuta mano. Kuti asayankhule, anakhala pa bedi, n'kutulutsa buku lija m'chikwama, n'kulitsegula pa katebulo kotsimphina, monga ankachitira kuseri kwa shopu akakwiya.

Macheka anakuwanso. Iye anawerenga mzere woyamba. Anawerenga wachiwiri. Dzanja linapita lokha pa cholembera. Khoma linkanjenjemera, fungo la utuchi linkalowa pawindo, ndipo anamva ngati munthu amene wafika kwawo. Anatsika ndi samuyo mpaka pansi pa tsamba, n'kujambula mizere iwiri pansi pa yankho.

"Iwe, ukutani?" anafunsa azakhali. "Nyamuka tizipita."

Mbaliwali anatseka buku, n'kuimirira. Analankhula mokweza, kuti alimbane ndi makina komanso kuti bambo amve.

"Azakhali, zikomo chifukwa cha mtima wanu. Koma ine ndikhala muno."

"Mu phokoso lino? Wapenga?"

"Fizikisi imene yandilowetsa kuyunivesite ndinaiphunzirira m'phokoso loposa ili. Samu iyi yandikanika m'mawa wonse kwanu kwabata kuja, muno ndaimaliza mukuona." Anapuma, koma mbaliwali imodzi inathawa ndithu. "Makinawa amakuwa, inde. Koma sanandiitanepo dzina."

Mayi eninyumba anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Azakhali anayang'ana mlongo wawo kuti amudzudzule mwanayo, koma bambo maso awo anali pa buku lija.

"Achimwene, mwamva mmene wandiyankhira mwana wanu?"

"Eti?" anatero bambo.

Mbaliwali sanadziwe ngati sanamvedi, ndipo sanafunse.

Azakhali anakoka chikwama chawo m'khwapa. "Chabwino. Zikakuvuta, geti langa ukulidziwa. Ndipo Lamlungu uzibwera kudzadya, usamaume ngati chitsulo cha abambo akochi." Anatuluka, n'kuyesa kumenyetsa chitseko, koma chinali cholemera, chinangotsekeka mwaulemu.

Bambo anagwada, n'kugwedeza katebulo kaja, n'kupukusa mutu.

"Aka ayi. Mwana wa wowotcherera sangalembere pa chinthu chovina chonchi. Ndikupangira tebulo lachitsulo, la malo oikapo kompyuta, loti adzukulu ako adzalipeze." Anayeza khoma ndi zikhatho kuchokera pa windo mpaka pa soketi, milomo ikuyenda. Mapewa anali atabwerera m'malo mwake.

Atamaliza anatuluka, n'kuzungulira kuseri. Mbaliwali anasuzumira pawindo n'kuwaona ataima pakhomo pa shopu ya akalipentala, manja m'chiuno, utuchi ukuwagwera m'mutu.

"Inu amisiri anzanga!" anakuwa, mawu awo akuposa macheka. "Seri kuno kwabwera mwana wanga! Wa makompyuta! Anakhoza masamu ndi fizikisi yemwe! Ndiye makina anuwa muziwathira mafuta, azilira bwinobwino, mwanayo akuwerengera pamenepo!"