Msewu wa Pakhonde

"Sutikesi iyonso ibwere kuno," anatero a Andireya, akuloza ndi chibwano.

Lenia sanasunthe. Anali atakhala pa sutikesiyo, mpango utaphimba mutu wake wometedwa m'mawa womwewo.

Katundu yense wa malemu a Elifala, bambo ake, anali atayalidwa kale pamphasa pabwalo: njinga, majekete awiri, mawailesi a anthu amene sanamalize kukonza, ndi batire la galimoto. A Elifala anali mkamwini m'mudzi uno wa kwa Dzoole, ndipo mwambo aliyense ankaudziwa. Nyumba ndi munda ndi za mkazi, koma chonyamulika chimatsata abale a mwamuna. A Andireya, mng'ono wa malemu, anabwera ndi minibasi yawo kuchokera ku Mponela atachotseratu mipando yakumbuyo. Chisoni chawo chinali chokonzekera bwino.

"Muli zidole basi, bambo aang'ono," anatero Lenia.

"Ndiye ukuzikhalira bwanji ngati nkhuku pamazira? Tsegula."

Anatsegula. Munali timagalimoto tampikisano, kalikonse kokulungidwa m'sokosi yakale. Kutalika kwake ngati chikhatho, ndipo m'kati munali kamunthu kovala chipewa. Kumimba kwa pafupifupi galimoto iliyonse kunali kalilime kolowa m'ngalande ya msewu wake, ndi timawaya tiwiri tokhudza magetsi.

A Elifala anayamba nazo ali mnyamata, akuphikira mzungu wa pa esiteti ya fodya. Ana a mzunguyo atakula anataya magalimoto awiri kudzala, iwo n'kutola. Kuyambira pamenepo, akamva kuti mzungu wina akubwerera kwawo ndipo akugulitsa katundu ku Lilongwe, ankakwera basi. Mayi ake a Lenia ankawatuma shuga, iwo n'kubwera ndi galimoto yopanda mateyala. Msewu wa labala umene unabwera ndi magalimoto oyambawo utang'ambika, anaumba wawo pakhonde: simenti, ngalande ziwiri zoyandikana, waya wa kopa m'mbali mwake, zonse zikuzungulira nsanamira ya khonde. Msewuwo unali gawo la nyumba. Umenewo a Andireya sakanaunyamula.

"Kuli mzungu ku Lilongwe amasonkhanitsa zimenezi," anatero a Andireya. "Akufuna yachitsulo, yakalekale ija ya ku Mangalande. Akuti zinazi angotenga mothandiza. Ndi iti?"

Lenia anavundukula magalimoto anayi obiriwira n'kuwandandalika pamphasa. Onse anali achitsulo, onse ofanana. Imodzi yokha ndiyo inachokera kunja. Enawo bambo ake anawasula okha ndi zitini za mafuta ophikira, akuyang'ana yeniyeniyo, mpaka misomali yojambula pa boneti. Lenia ankaidziwa ndi kulemera kokha, komanso kagudumu kamene inali nako kumimba m'malo mwa lilime. Sanaitembenuze.

"Sankhani," anatero.

"Usandiseweretse. Digiri yako ya ku Zomba ija siigwira ntchito pano."

"Siinagwirebe kwina kulikonse, bambo. Musadandaule."

Azimayi ena anabisa pakamwa ndi zitenje. A Agustino, malume ake a Lenia, amene ankayendetsa zokambiranazo kumbali ya akuchikazi, anatsokomola.

"Mwana iwe, manda sanaume. Apatse abambo ako zinthu zawo."

"Njinga atenge, amalume. Majekete atenge, ngakhale sawakwana. Koma izi mwini wake anali ndi lamulo lake. Galimoto sankaipereka kwa munthu amene sangaiyendetse. Ana onse a m'mudzi muno akudziwa." Anatembenukira kwa a Andireya. "Tizungulire kakhumi. Mukayamba kufika ndinu, sutikesi yonse ndi yanu, ndipo yeniyeniyo ndikuonetsani ndekha. Ndikayamba ine, itsala pamsewu wake."

A Andireya anaseka mpaka anagwira bondo. "Demokalase ija ndi imeneyi, eti? Mpaka mwana wamkazi kuitana abambo ake pa mpikisano. Ine ndayendetsa malole mpaka ku Beira. Msewu wa ku Ntchisi ndimadutsa dzinja, matope m'mawondo."

"Ndiye simuchedwa."

"Izi n'zochititsa manyazi," anatero a Agustino.

"Msiyeni, achimwene." Anali a Faines, mayi ake a Lenia, amene chiyambire m'mawa anali asanayankhule. Anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, msana atatsamira khoma. "Mwini wake akanakhalapo, bwenzi atalumikiza kale waya."

Lenia ananyamula batire pamphasa, n'kulilumikiza. Anasesa ngalande ndi nthenga ya nkhuku monga ankachitira bambo ake. Zofinyira zinalipo ziwiri, zokhala ndi batani lokanikiza ndi chala chachikulu kuti galimoto ithamange. Chofiira chinali chake kuyambira ali mwana, ndipo ndi chimenecho ankawapambana bambo ake Lamulungu lililonse pobwera kutchalitchi, mpaka patchuthi chake chomaliza. Chakuda chinali cha a Elifala, ndipo sankalola munthu kuchigwira. Lenia anapereka chofiiracho kwa a Andireya, iye n'kutenga chakuda. Batani lake linali litaperepeseka, malo a chala cha bambo ake akuoneka.

"Galimoto ikagwa, mwini wake aibwezere yekha," anatero.

Anthu anasiya mphasa n'kudzaza m'mbali mwa khonde. A Agustino, ngakhale ankang'ung'udza, ndiwo anakweza dzanja n'kulitsitsa.

Galimoto ya a Andireya inalira ngati mavu n'kuthawa. Ya Lenia inanyamuka mwaulemu ngati ikupita kukapepesa maliro. Anakanikiza batani mpaka pansi. Silinafike pansi. Linaima pakati, lolimba, ndipo galimoto inangopitiriza mayendedwe ake omwewo. Anakanikizanso ndi zala ziwiri, osasintha kanthu. Thukuta linatsika pansi pa mpango. Wataya sutikesi ya bambo ake chifukwa cha pakamwa pake, pamaso pa mudzi wonse.

"Mafuta akuthera, adona?" anafunsa a Andireya.

Pa kona ya nsanamira galimoto yawo inatuluka m'ngalande n'kugubudukira pabwalo. Anaithamangira, mimba ili patsogolo, anaipukuta fumbi n'kuibwezera. Pamene ankatero, ya Lenia inadutsa osafulumira. Koma pamalo owongoka yawo inali ndi liwiro, ndipo posakhalitsa anamupitiriranso. Anagwanso, anabwezeranso, anamupitiriranso. Anthu anayamba kuwerenga mokweza, ngakhale aja anabwera m'minibasi.

Kutatsala kuzungulira kamodzi, a Andireya anali patsogolo. Akanangochepetsa pang'ono pa nsanamira, zikanatha. Koma munthu amene wakhala akulimbirana okwera pa siteji ya Mponela sadziwa kuchotsa phazi pa mafuta. Galimoto inauluka, inatsetsereka pasimenti, n'kukalowa pansi pa chitenje cha a Faines.

A Andireya anafika pomwepo n'kuima, dzanja lili m'malere. Bwalo lonse linali kuyang'ana dzanja limenelo. Palibe mwamuna angapise pansi pa nsalu ya mkazi wa mkulu wake, makamaka mkuluyo atangoikidwa kumene.

"Alamu, tasunthani pang'ono."

A Faines anawayang'ana modekha. "Ndine namfedwa, alamu. Thupi likulemera."

"Mungoikankha ndi phazi."

"Katundu wa malemu, ndi phazi?"

Anayamba kudzuka ndithu. Anakonza mpango. Anagwira khoma. Anapuma. Nthawi yonseyo galimoto yobiriwira ya Lenia inali kubwera, phokoso lake laling'ono likumveka bwino chifukwa aliyense anali chete. Inazungulira nsanamira osagwedezeka, inadutsa pafupi ndi nsapato za a Andireya, n'kuwoloka mzere woyera umene a Elifala anajambula ndi laimu.

"Kakhumi," anatero a Agustino, akuyang'ana kumbali ngati sizikuwakhudza.

A Andireya anazula mawaya pa batire n'kulikumbatira pachifuwa. "Ili ndiye n'lonyamulika. Tione ngati ziziyenda ndi digiri."

"Tengani, bambo. Asidi wake amaboola malaya, muligwire bwino."

Analongedza njinga, majekete, ngakhale mawailesi a eni ake. Minibasi inanyamuka osatsanzika, fumbi lake n'kutsalira pa mitengo ya mango.

Anthu atabalalika, dzuwa likadali pamwamba, Lenia anabwezera magalimoto m'masokosi. Kenako anatenga chofinyira chakuda chija ndi mpeni wa kukhitchini, n'kumasula timasikuluwu take. Pansi pa batani panali kachidutswa ka labala wabuluu, kodulidwa bwino, kophwatalala chifukwa chofinyidwa zaka zambiri. Ndiko kankaletsa batani kufika pansi. Anakatembenuza. Kuseri kwake kunali timizere ta patapata.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

A Faines anasuzumira. "Patapata wako. Uli Sitandade wani bambo ako anakupambana, iwe n'kulira mpaka kukana kudya. M'mawa mwake patapata anali wodukako kuchidendene. Ine ndinakukalipira kuti umayenda mokhukhuza."

"Ndiye masiku onse aja ndinkawapambana..."

"Unkawapambana ndithu. Ankatuluka thukuta, ndinkawaona." A Faines anatola nthenga ya nkhuku ija n'kuisomeka kudenga, pamalo pake. "Ndinawafunsa uli ku Zomba kuti bwanji osachotsa, mwana wakula. Anati akachotsa ndiye azigwa pa nsanamira ngati anthu ena."

Lenia anayang'ana kalabalako kali pachikhatho. Anaganiza za a Mahamadi a pa golosale, amene anali ndi batire lakale kuseri kwa sitolo. Mawa linali tsiku la msika, akanatha kukawafunsa mtengo wake. Kenako anakabwezera pansi pa batani, mbali ya timizere ili pansi monga anakapezera, n'kumanga timasikuluwu mpaka tinalimba.