Kunjenjemera kwa pa Eyite

"Kodi mwa nonse muli panonu, ndani anayendetsapo galimoto ija mpaka pa eyite?"

Ababa anafunsa akuyang'ana makiyi omwe anali patebulo, pakati pa mbale ya shuga ndi mankhwala a Amayi. Amayi anapitiriza kusalaza kansalu ka pamkono wa mpando, kosalala kale. Achimwene anayang'ana foni yawo. Ine ndinali nditatsamira chitseko cha kukhitchini, poti pa misonkhano yotere sindikhala ndi mpando. Digiri yanga ili m'sutikesi pansi pa bedi pamodzi ndi laisensi, ndipo ntchito yanga ndi kukweza ndi kutsitsa mathileyi a mazira.

Nkhani inali yoti Ababa asiye kuyendetsa. Kwa zaka makumi atatu akhala akunyamula mazira pa pikapu yawo, kuchokera kumafamu kupita kumagolosale a m'tauni. Miyezi itatu yapitayo mazira anayamba kufika osweka. Kenako Lachitatu, pamsewu waukulu, galimoto inapatuka pang'ono n'kukhudza chikwangwani, galasi la kumbali n'kuthothoka. Ababa ankati liwiro likafika pa eyite chiwongolero chimanjenjemera. Achimwene ankati chonjenjemera si chiwongolero.

"Matayala tinabalansitsa kawiri, Ababa," anatero Achimwene. "Makina anati ali bwino. Ineyo ndinaiyendetsa, sindinamve kalikonse."

"Unaiyendetsa kuchoka pageti kukafika pamahampu apo. Wanjinga anakupitirira."

"Nanga tiyi amene amatayikira m'sosala m'mawa uliwonse, nayenso amakhala pa eyite?"

"Iwe!" anatero Amayi. "Ndi bambo ako amenewa."

Ababa anabweza dzanja limene linali pafupi ndi kapu n'kuliika pabondo. Kenako anati apita nayo galimotoyo kwa a Choko. A Choko akanena kuti ilibe vuto, makiyi atenge Achimwene, apeze dalaivala amene akumufunayo.

"Chemwali, upite nawo," anatero Achimwene. "Ukamve ndi makutu ako. Akuluakulu awiriwa akhoza kukangogwirizana."

Galaja ya a Choko ili kuseri kwa malo ogulitsira matabwa: denga la malata pamizati inayi, dzenje limodzi lokonzera kunsi kwa galimoto, ndi mpando wa basi wokhalapo odikira. Dzinali anapatsidwa chifukwa cha choko chimene chimakhala kukhutu kwawo tsiku lonse. Tinawapeza akupukuta manja, nkhope ili ngati ya munthu amene anamva kale madandaulo onse a padziko.

"Madala, mwabwera ndi loya lero?"

"Ndi mboni, amisiri. Kunyumba akuti wonjenjemera ndine."

A Choko sanaseke, ndiponso sanatsegule boneti. Anati galimoto yodwala pa eyite siyipimidwa itaima. Tinapanikizana atatu kutsogolo, iwo pachiwongolero, ine pakati mawondo atapinda kumbali kuti giya ipeze njira. Tinadutsa mahampu, msika, mlatho, mpaka nyumba zinayamba kutalikirana.

Pa sikisite panalibe kanthu. Pa sevente ndinamva kiyi akugunda pulasitiki, tiki tiki tiki. Singano itafika pa eyite, chiwongolero chinayamba kuvina, manja a a Choko akuvina nacho mpaka m'zigongono.

"Tagwirani apa, a mboni."

Ndinagwira. Kunjenjemerako kunandikwera mpaka m'mano.

"Wamva?" anatero Ababa. "Wamva, eti?"

A Choko anachotsa giya, galimoto n'kumangoyenda ndi liwiro lake, injini ili phee. Chiwongolero sichinasiye. "Si injini," anatero. Anaponda buleki pang'ono, osasintha kanthu. "Si mabuleki. Nanga pampando pomwe mwakhalapo mukumva chiyani?"

"Palibe," ndinayankha.

"Ndiye matenda ali kutsogolo. Akanakhala kumbuyo, kapena shafti ya pansi, bwenzi mukuwamva kokhalira, pepani madala. Chimene chikumveka m'manja chili kumawilo a kutsogolo."

"Wamva?" anateronso Ababa. Ndinati ndamva. Anandifunsanso kachitatu tikukhota kubwerera.

Titafika pagalaja, a Choko anakweza kutsogolo konse ndi jeke, n'kuika zitsulo zochirikiza. Anagwedeza wilo lililonse ndi manja awiri, m'mwamba ndi pansi, kenako m'mbali, kuti aone ngati pali cholobodoka. Zonse zinali zolimba. Ndipamene anachotsa choko kukhutu. Anaika njerwa pafupi ndi tayala la kumanzere.

"Madala, tsamizani dzanja panjerwapa, choko chingotsala pang'ono kukhudza tayala. Chisasunthe. Ine ndizizunguza."

Ababa anayang'ana choko chija, manja ali m'matumba a jekete.

"Mpatseni mwanayu. Maso ake ndi akuthwa."

Ndinagwada pasimenti ya mafuta, siketi yanga yokafunsira ntchito itaiwala ulemu wake. A Choko anazunguza tayala, ine n'kumasendeza choko pang'onopang'ono mpaka chinakhudza. Chinajambula mzere woyera kuzungulira tayala lonse. Tinasamukira kumanja. Kumeneko choko chinkangoti tswi, kenako zii, tswi, kenako zii. Ataimitsa, panali kamzere kamodzi kotalika ngati chikhatho, kwina konse kuli bii.

"Ndi imeneyi mfiti yanu," anatero a Choko. Anayendetsa chikhatho pamalopo, n'kundiuza kuti nanenso ndiyendetse. Panali potupa, posaoneka ndi maso koma dzanja linkakwera n'kutsika. "Mawaya a m'kati anaduka. Tayala ili si lozungulira ayi. Pamwamba mwanyamula mazira, pansi mukuyendera dzira."

"Koma makina aja anati lili bwino," ndinatero, poti ndinadziwa kuti ndi funso loyamba limene ndikalipeze kunyumba.

"Makina amayeza kulemera, chemwali. Taonani timitovu tomwe anamata palimu ya wiloli. Tisanu! Anyamata aja ankangowonjezera mpaka makina atalemba ziro, n'kukuuzani kuti pitani bwino. Dzira mukhoza kulibalansa, koma likhalabe dzira." Anatembenukira kwa Ababa. "Pamwamba likuoneka latsopano ndithu. Munalitenga kuti?"

Ababa anayang'ana kumatabwa.

Ine ndinkadziwa. Miyezi itatu yapitayo Achimwene analowa pageti akuligubuduza tayalalo ngati abweretsa mkwatibwi. Linali logwiritsidwa kale ntchito, koma mano ake anali akuya, ndipo anatiitana tonse kuti tilowetsemo chala. Inali mphatso yoyamba imene anawapatsa Ababa chiyambireni ntchito.

"Ndinapatsidwa," anatero Ababa. Kenako kwa ine, chapansipansi: "Kunyumba ukangoti tayala. Za kumanja kapena kumanzere sanakutume."

A Choko anamasula mabawuti, n'kumanga sipeya. Anati tayala lotupalo lisabwererenso pagalimoto ngakhale kumbuyo, chifukwa tsiku lina lidzaphulika dzuwa likuswa mtengo, katundu ali pamwamba. Analijambula mtanda waukulu ndi choko n'kuliponya pamulu. Anapita yekha kukayesa galimoto, ife titakhala pampando wa basi uja. Atabwera anangoponya makiyi m'mwamba kuti Ababa awakhe. Anagwera pansi. Ndinatola ndine.

"Yachira," anatero a Choko. "Mukawauze kunyumba kuti ndati ine."

Pobwerera Ababa sanadzere njira yachidule. Anakhotera kumsewu waukulu, ndipo ndinadziwa kuti akufuna aione eyite yawo ndi maso. Ankaimba kanyimbo m'mphuno. Sikisite. Sevente. Kiyi anali duu. Eyite. Galimoto inkangoyenda myaa, ngati yaiwala zonse.

Kanyimbo kaja kanatha tisanafike pamlatho.

Chiwongolero chinali chitakhazikika, koma dzanja lamanja la Ababa linali lisanamve uthengawo. Linkagwedezeka lokha, pang'onopang'ono, chala chachikulu chikugogoda pulasitiki. Anafinya chiwongolero mpaka mitsempha inatuluka. Linaleka, kenako linayambanso. Anatsitsa liwiro kufika pa sikisite, pomwe poyesa ndi a Choko paja panalibe kanthu. Dzanja silinasinthe. Anatsitsa mpaka fote. Lole ya mchenga inatiimbira hutala n'kutipitirira.

Ndinayang'ana kunja, kumene kunalibe choti n'kuona: mipanda, chikwangwani chopindika chija, mayi akuyanika zovala. Kwa miyezi itatu manja awo ankavina pamodzi ndi chiwongolero, ndipo panalibe amene akanatha kusiyanitsa, ngakhale eni ake. Ndinkafuna kunena kanthu, koma chilichonse chimene ndinaganiza chinali mwina bodza, mwina mawu a Achimwene. Ababa sanandifunse ngati ndamva.

Kunyumba tinapeza Amayi ndi Achimwene ali pamipando yomwe ija, ngati sanadzukepo. Makapu okha ndi omwe anali atachotsedwa.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Achimwene, akuyang'ana ine.

"Galimoto inali ndi vuto," ndinatero. "Ndagwira ndekha chiwongolero pa eyite. Tayala linatupa m'kati, makina sakanaona. A Choko asintha, panopa ili bwinobwino."

"Tayala liti?"

"Lakutsogolo."

Achimwene anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Si munthu wopusa. Anayang'ana pansi, akusisita foni ndi chala.

"Pepani, Ababa," anatero. "Ndinayankhula mopitirira."

"Mwamva nokha," anatero Amayi, akupumira m'mwamba. "Basi yatha nkhaniyi. Ndikuikireni madzi osamba, bambo?"

Ababa anali asanakhale pansi. Anatulutsa makiyi m'thumba la jekete, n'kudutsa tebulo, kudutsa Achimwene, mpaka pachitseko cha kukhitchini pomwe ndinali nditatsamira. Ananditsegula chikhatho, chomwe chinali chidakali choyera ndi choko, n'kuikamo makiyiwo.

"Ukafufuze laisensi yako ija," anatero. "Kuyambira Lolemba mazira uzikatenga ndiwe. Ine sindiyendetsanso."