Mbedza za pa Chipewa cha Aphunzitsi

Amene anamulakwira mayi wamasiyeyu ndi mwamuna wake yemwe, ndipo mwamunayo anachenjera, anafa nkhani isanaululike.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri bamboyo ankaperekeza alendo kukawedza ku mtsinje wa m'phiri. Nsomba za kumeneko n'zonyada, nyongolotsi siziyang'anako n'komwe. Zimafuna mbedza yovekedwa nthenga, yooneka ngati kachilombo kamene kakugwera pamadzi mwezi umenewo. Womanga mbedzazo anali mkazi wake, pa tebulo la kukhitchini, ndi ulusi, sizasi ndi nthenga za tambala aliyense wodutsa pakhomo. Maso ake anathera pamenepo. Bambo ankangotola, kuponya m'kachitini, ulendo. Pobwera mawu ake omwewo: "Ziwiri zakola m'nthambi, mayi. Ina nsomba yadula." Iye n'kumanganso zina.

Patapita miyezi itatu chiikireni maliro, kunamveka odi pakhomo. Anali aphunzitsi a kusukulu ya kumunsi, mayi wosakwatiwa, wamagalasi, wolankhula ngati akuwerenga m'buku. Anakhala pampando, chipewa chawo chansalu n'kuika patebulo.

"Pepani ndi zovutazi, amayi. Ndabwera ndi pempho. Malemu ankati mbedza zawo mumamanga ndinu. Tsono zanga zatha ntchito, ndiye ndimati mwina..."

Mayi wamasiye sanamve zotsalazo. Maso anali pa chipewa. Kuzungulira chipewa chonse kunali mbedza zobayidwa m'nsalu, ndipo panalibe ngakhale imodzi yosadutsa m'zala zake. Mfundo yake ankaidziwa ngati nkhope ya mwana wake.

Iyi ya mapiko aatali ndi ya mvula yoyamba, pamene inswa zimagwera pamadzi ofiira ndipo nsomba zimachita misala. Yobiriwirayi ndi chiwala, cha pamene mvula ikusiya, udzu utafika m'chiuno. Titatu timbuuti, tating'ono ngati nyerere, n'ta m'chisanu, nthawi imene bambo ankabwera zala zitauma gwa, n'kuzilowetsa m'manja mwa mkazi wake kuti zitenthe. Yopyapyalayi ndi ya m'chilimwe, madzi ataphwa mpaka nsomba imakuona iwe usanaione. Chaka chathunthu pa chipewa chimodzi! Ndipo kumbuyo, pafupi ndi msoko, panali ina yofiira. Ulusi umenewo anachita kusolola pa juzi ya mwana wake wamkazi, mwanayo akadali kupulayimale. Lero ali pabanja, ana awiri.

"Ankandiuza kuti zakola m'nthambi," anatero mayi wamasiye. "Nthambi zake ndinu?"

Aphunzitsi anavula magalasi, n'kuvalanso.

"Amayi, musandiganizire zoipa. Bambo aja sanandigwirepo ngakhale dzanja. Chabwino, dzanja ankagwira, koma pondiphunzitsa kuponya chingwe. Basi. Loweruka kukakhala kulibe alendo tinkakwera limodzi. Kuwedza kokha. Mwina tsiku lonse osalankhulana."

"Osalankhulana."

"Eya. Kungokhala pamwala, kumvera madzi."

Apa ndiye pamene panamubaya. Bola akanati anagona nawo. Zimenezo zinawagwerapo akazi anzake ambiri, ndipo mawu otukwanira zimenezo alipo, iye amawadziwa onse. Koma izi ungazitukwane bwanji? Atangokwatiwa anapemphapo kawiri kuti akaoneko mbedza yake ikutera pamadzi. Anayankhidwa kuti miyala ya kumeneko ndi yoterera, si ya akazi. Anakhulupirira, chitsiru iye. Mpaka lero sanaonepo nsomba ikudumphira chinthu chimene iye anamanga. Nsomba ankaziona zitafa kale, zofunika kutumbula.

"Nanga miyala ija, inu simuterereka? Kapena ophunzira muli ndi mapazi ena?"

"Ankatsogola, kundiuza popondapo."

Mayi wamasiye anakoka chipewa chija n'kutenga sizasi. Anayamba kuzula mbedza imodziimodzi, kuziponya m'mbale.

"Chonde amayi! Chimene ndatsala nacho cha iwo n'chomwechi."

"Cha iwo? Anamangapo iti? Lozani, ndikusiyireni. Munthu uja ngakhale batani la malaya sankatha kusoka."

Aphunzitsi anayang'ana m'mbalemo, chala chili m'mwamba, osapeza poloza. Yofiira ija inali itachita dzimbiri m'nsalu, yosatuluka. Mayi wamasiye anaidula pamodzi ndi nsalu yomwe, n'kuwakankhira chipewa chawo chili ndi chibowo.

"Valani, kukutentha. Mukafuna nsomba kakumbeni nyongolotsi."

Atatuluka aphunzitsi, iye anakhala pampando womwewo, mbale ili pamiyendo. Ankayesa kuti akazilanda mtima utsika. Ayi ndithu. Mbedza iliyonse m'mbalemo inali itaona dziwe, mathithi ndi mwamuna wake ali chete, wokondwa. Iye yekha ndi amene sanaoneko. Njira yake sakuidziwa, ndipo munthu mmodzi yekha wotsala amene akudziwa popondapo ndi yemwe wamuthamangitsa uja.

Kumanda wapitako, wafunsa, kulibe yankho. Ndiye inu amene mwamva zonsezi, musangopukusa mutu, muyankheni mayiyu. Mkazi wa munthu uja anali ndani, womanga nthenga kukhitchini kapena wokhala naye pamwala?