Chimbalangondo Chimodzi pa Ayezi

Kwathu ku Elmsford munthu sasankha timu. Umangobadwa, anamwino n'kukusambitsa, agogo ako n'kukuveka kachipewa kobiriwira ka Akadzidzi, nkhani yatha. Ine Verna Hrycak ndakhala pampando womwewo m'bwalo lathu la hoki, mpira wa ndodo wosewerera pa ayezi, zaka makumi atatu ndi chimodzi, mzere wachinayi, pomwe kuzizira kwa ayezi kumalowera m'maondo. Osewera athu ndi ana, wamkulu kwambiri amakhala wa zaka makumi awiri, koma timawakalipira ngati madoda n'kumawakonda ngati tinabereka tokha. Ndipo ngati panali chinthu chomwe ndinkadana nacho kuposa nyamakazi yangayi, chinali Mimbulu, timu yovala zofiira ya ku Carrow, ulendo wa ola limodzi pagalimoto kuchokera kwathu.

Mdzukulu wanga Tessa anabwera mu Ogasiti, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atanyamula sutikesi imodzi. Mayi ake, mwana wanga Colleen, anali atamwalira mu Juni kutali ku gombe la kumadzulo, komwe chipale chikagwa m'mawa masana chimakhala chasungunuka. Ndisakubisireni, Colleen ndinamuthamangitsa ndine. Sindinamutsekere chitseko ayi, koma m'nyumba mwanga chilichonse chinkayenera kuyenda momwe ndanenera ine, mpaka mwana anatopa n'kunyamuka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Tinadzayanjana, koma mochedwa, ndiponso pa foni.

Azakhali ake a Tessa, a Sheryl, ankamufunanso mwanayo ku gombe komweko. Tinagwirizana kuti akhale ndi ine mpaka Khirisimasi, ndipo tsiku limenelo anene yekha komwe akufuna kukhala. Ine ndinkafuna akhale. Ndinkafunitsitsa mpaka tulo tinkandithawa, koma pakamwa pangapa sipanazolowere kupempha.

Ndinachita zomwe ndimadziwa. Ndinamugulira jezi yobiriwira. Anati zikomo, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'dirowa ya pansi. Ndinapita naye ku bwalo katatu, ndipo katatu konseko ankawerenga buku anthu akukuwa mpaka denga kunjenjemera. Ndikamufotokozera malamulo ankangogwedeza mutu ngati mlendo amene akudikira basi. Pofika Disembala, sutikesi yake inali ikadali kuseri kwa chitseko, theka la zovala lili momwemo.

Chinthu chimodzi chokha n'chomwe chinamudzutsa mutu. Mnzanga Dolores Fehr, yemwe timakhala moyandikana kunyumba ndi kubwalo komwe, amasunga osewera awiri chaka chilichonse, monga amachitira mabanja ambiri kuno. Tsiku lina Tessa anawaona akumaliza mphika wonse wa supu kukhitchini kwa Dolores.

"Ndi ana anu?" anafunsa.

"Anga? Ndikanabereka mimba zimenezi bwenzi nditasauka kalekale," anatero Dolores. "Kwawo n'kutali, mwanawe. Amabwera kudzasewera, ife timawasunga mpaka nyengo ya masewero ithe."

"Nanga amayi awo ali kuti?"

"Kwawo. Amangoimbirana foni."

Tessa anawayang'ana anyamata aja nthawi yaitali.

Lamulungu loyamba la Disembala ndi tsiku la zidole. Aliyense amabwera kubwalo ndi chidole m'manja, ndipo Akadzidzi akangomwetsa chigoli chawo choyamba, tonse timaponya zidolezo pa ayezi. Amazitola n'kukapereka kwa ana odwala. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ngakhale mwana woyamwa amalidziwa: umadikira chigoli chathu. Kusitolo Tessa anasiya zidole zonse zokongola n'kusankha chimbalangondo chabulauni chomwe diso lake limodzi linasokedwa mopendekeka. Ndinafuna kunena kanthu, koma ndinaluma lilime.

Chaka chimenecho tinkasewera ndi Mimbulu. Bwalo linadzaza masana omwewo, anthu atakumbatira zidole ngati ali kusikelo ya ana. Kumbuyo kwathu kunali Arvid Tollefsen, mlimi wa tirigu amene mawu ake amamveka mpaka kumalo oimika magalimoto. Tsiku limenelo anasankha kamnyamata ka nambala 19 ka Mimbulu, kochepa kuposa onse, jezi ikuchita kukafika m'maondo.

"Iwe naintini! Ndani wakutsegulira geti la kumkaka?" anakuwa Arvid. "Amako akudziwa kuti uli kuno? Bwerera kwa amako ukayamwe!"

Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Tessa anatseka buku lake.

"Amayi ake ali kuti?" Tessa anamufunsa Dolores.

"Uyo? Ndi Eli Morin, wa kumpoto kwenikweni, ulendo wa maola asanu ndi anayi. Chaka chake choyamba chino. Akusungidwa ndi banja lina ku Carrow. Sanagoletsepo n'kamodzi komwe, wachisoni."

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, wotchinga kumbuyo wathu anaterereka n'kugwa chagada. Kamnyamata kaja kanalanda kampira, n'kuliyatsa liwiro kokhakokha, kanamunamiza goloboyi wathu kumanzere n'kuponya kumanja. Nyali yofiira yosonyeza chigoli inayaka. Bwalo lonse linangoti zii, moti unkamva nsapato za osewera zikukala ayezi. Masapota a Mimbulu sanabwere tsiku limenelo chifukwa msewu unali utaipa ndi chipale. Eli anakweza ndodo yake m'mwamba, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anaitsitsa pang'onopang'ono.

Sindinaone nthawi yomwe Tessa ananyamukira. Ndinangoona akutsika masitepe, n'kuima pagalasi lotchinga bwalo, n'kuponya ndi manja onse awiri. Chimbalangondo chija chinadumpha galasi, chinagwa pa ayezi, n'kutsetsereka chokha mpaka pakati pa bwalo.

Wezulo inalira. Ena anakuwiza, ena anafa nalo phwete. Wolengeza anachenjeza pa chimkuzamawu kuti wina akaponyanso kanthu nthawi isanakwane, timu yathu ilandira chilango.

"Verna!" anakuwa Arvid. "Zaka zonsezi umaweta Mmbulu m'nyumba osatiuza?"

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha. Zaka makumi atatu ndi chimodzi pampando umenewo! Tessa atabwerera ndinamugwira pamkono, ndipo mawu anali atafika kale pamilomo: wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndinawazindikira mawuwo. Ndi omwewo amene ndinamuuza Colleen sabata yomwe anachoka. Ndinawameza.

"Walakwitsa, mwana wanga," ndinatero m'malo mwake. "Timadikira chigoli chathu."

"Ndikudziwa, Agogo. Sindinalakwitse." Anandiyang'ana m'maso, nsidze zili pamodzi ngati za mayi ake. "Palibe anamuombera m'manja."

Pa ayezi paja, Eli anawerama n'kutola chidolecho. Woimbira anatambasula dzanja kuti alandire, koma mnyamatayo anapukusa mutu. Anayang'ana kumipando kufuna amene waponya, Dolores n'kuloza Tessa ndi manja onse awiri. Eli anabwera mpaka pagalasi, anagogoda kawiri ndi ndodo yake, n'kubwerera kwa anzake chimbalangondo chili kukhwapa.

Akadzidzi anagoletsa chigawo chomaliza, zidole n'kugwa ngati matalala. Tessa analibe choponya, ndiye ndinamupatsa kagalu kanga.

"Ponyani nokha, Agogo," anatero. "Imeneyi ndi timu yanu."

Yanu. Ndiye kuti iye anali nayo yake. Sindinadziwe ngati ndilire kapena ndiseke, ndipo ndinaponya kagaluko molakwika mpaka kanamenya dazi la bambo wa mzere woyamba.

M'galimoto pobwerera, mwana amene kwa miyezi inayi sanandipemphepo ngakhale madzi akumwa anafunsa kuti, "Mimbulu isewera liti?"

"Loweruka," ndinayankha. "Kwawo ku Carrow."

"Ndi kutali?"

Ndikanatha kunama kuti ndi kutali. Ndinatembenukira kwa Dolores kuti andithandize, koma iye ankangoseka chamumtima. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha," anatero. "Pita naye, iwe Verna. Sufa."

Loweruka ndinavala jekete lakuda lomwe ndimapita nalo kumaliro. Ku Carrow ndinali nditalowako kambirimbiri, koma nthawi zonse ngati mdani, kumbali ya alendo. Mayi wogulitsa matikiti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Mbali ya alendo, mayi Hrycak? Komatu Akadzidzi sakusewera lero."

"Mbali ya eni ake. Awiri."

"Abale inu, dziko latha," anatero, n'kuitana mnzake kuti adzaone.

Ndinakhala pakati pa zofiira zokhazokha manja ali m'thumba. Tessa sanabweretse buku. Ankandifunsa chifukwa chomwe wezulo yalirira, chifukwa chomwe wina wakhazikidwa m'kabokosi ka chilango, ndipo malamulo onse omwe ndinkaganiza kuti ankangodutsa m'makutu mwake anali nawo m'mutu. Eli akagwira kampira, Tessa ankaimirira n'kukuwa dzina lake. Aka kanali koyamba kumva mawu ake enieni. Ndi aakulu ngati anga.

Masewero atatha, mayi wina wonenepa anatipeza pakhomo. Anati ndi Gwen, amene amasunga Eli, ndipo anatizindikira chifukwa nkhani ya chidole inali itamveka Carrow yense. Anatiuza kuti chimbalangondo chija chimakhala pampando wakutsogolo m'basi ya timu, ndipo anyamata salola kunyamuka chisanakwere. Posakhalitsa Eli anatuluka, tsitsi lili lonyowa, chikwama chachikulu kuposa iyeyo chili kumsana.

"Ndiwe unaponya uja eti? Zikomo, mlongo wanga. Ndinkangoona ngati ndagoletsa kumanda."

Tessa sanaseke. "Simuwasowa amayi anu?"

Mnyamatayo anayang'ana kumbuyo ngati anzake akumva, n'kutsitsa mawu. "Tsiku lililonse. Masabata awiri oyamba ndinkalira m'bafa. Usauze anyamatawa, angandithe."

"Nanga zinatha bwanji?"

"Sizinathe. Kungoti tsiku lina ndinatulutsa zovala m'chikwama n'kuziika m'kabati. Mayi Gwen anangondiphikira nkhuku yonse ndekha."

"Anadya ndi mafupa omwe," anatero Gwen.

Tisananyamuke ku Carrow ndinamuuza Tessa kuti andidikire m'galimoto, ndikagule mankhwala a maondo. Ndinalowa sitolo ya pafupi n'kugula ulusi wofiira wolukira sikafu. Kufika kunyumba ndinaubisa pansi pa matawulo. Sindinayerekeze kuyamba kuluka. Ku gombe kuja sikuzizira kofuna sikafu, ndipo sindikanapirira kuiona itatha mwini wake atapita.

Nyanga ya nsatsi ija sinafote. Tinapitanso ku Carrow kawiri Khirisimasi isanafike. Arvid anayamba kundilira ngati mmbulu tikakumana kupositi ofesi, ine n'kumuuza kuti mawu amenewo akawasungire ng'ombe zake. Koma sutikesi inali ikadali kuseri kwa chitseko, ndipo sindinafunse.

Pa Khirisimasi m'mawa foni inalira ndili kukhitchini, ndikutsina m'mphepete mwa mapirogi, timitanda ta ufa tokutira mbatata m'kati, anyezi ali pamoto. Ndinadziwa kuti ndi a Sheryl. Tessa anakayankhira pabalaza. Ndinadziuza kuti munthu wamkulu samvetsera nkhani za eni, kenako ndinasendera pachitseko ufa uli m'manja.

"Inunso, Azakhali. Eya, ndalandira, zikomo." Panadutsa kanthawi. "Ayi, sindingabwere panopa. Mimbulu ikusewera pa sikisi Januwale." Chete winanso. "Ayi, nyengo imatha mu Malichi, koma akachita bwino amapitirira." Anamvetsera nthawi yaitali. "Chaka chamawa Eli adzakhala atakula, ndiyenera kudzaona. Komanso Agogo sangapite okha ku Carrow. Anthu a kumeneko amawaseka."

Anyezi anapserera. Utsi unadzaza khitchini, ndipo Tessa atalowa anandipeza ndikupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mukulira, Agogo?"

"Ndi anyezi," ndinatero. Kenako ndinakumbukira komwe kuuma mutu kunandifikitsa. "Ayi, si anyezi. Ndakondwa kuti ukhala. Ndimafuna ukhale kuyambira tsiku lomwe unafika."

Anandikumbatira m'chiuno, nkhope yake ili mu epuloni yanga yaufa. Tinaima choncho mpaka belu lochenjeza za utsi linayamba kulira.

Titatsegula mawindo ndinamutuma kuti akatenge thawulo m'kabati. Anabwera atanyamula ulusi uja.

"Agogo, uwu ndi wofiira."

"Ndili ndi maso."

"Mumati chofiira sichilowa m'nyumba muno."

"Bwera kuno ndikuyeze khosi," ndinatero, "ndisanasinthe maganizo."