Mazira a Kadzidzi

Makutu anapeza zigoba za mazira pansi pa mtengo, mtima n'kumuwawa ngati wapondedwa pachilonda. Dzinali anampatsa ndi anzake olondolera alendo m'nkhalangomo, chifukwa mbalame iliyonse ankaizindikira ndi kulira kokha. Mitengo inali itangophukira, akakowa ali mbuu m'dambo, koma m'mphako ya kadzidzi munali zii.

Mphakoyo anaiulula kwa munthu mmodzi yekha, mwamuna wa mng'ono wake, amene Makutuyo anachita kumupezera yekha ntchitoyi. Mlamu wakeyo, pofuna kutchuka kwa alendo, ankaika kulira kwa kadzidzi pafoni. Mbalame inkasiya mazira kukathamangitsa mdani wosaonekayo, mpaka akhwangwala anapezerapo mpata.

"Alamu, mbalame imaikiranso," anatero mkuluyo akuseka. "Mwayala maliro a mazira?"

Makutu anangozisunga mumtima.

Loweruka kunabwera alendo ambiri ndi makamera awo, ndipo bwana woyang'anira nkhalango anatsagana nawo. Lamulo aliyense ankalidziwa: woitana mbalame ndi foni, ntchito yathera pomwepo. Atawoloka kamlatho kamatabwa n'kulowa m'mitengo, bambo wina wa chipewa chachikulu anadandaula kuti wayenda ulendo wautali koma kadzidzi sanamuone.

"Musadandaule bambo," anatero Makutu, mawu ali okoma ngati uchi. "Alamu angawa ndi akatswiri. Alamu, tatulutsani foni ija muwaitanire, monga mumachitira muja."

"Foni iti?" anafunsa mlamuyo.

"Ija inatithera mazira."

Mayi wina mwa alendowo anawonjezera mosadziwa kanthu. "Zoonadi, sabata yatha anatiitanira, kadzidzi n'kubwera pafupi penipeni."

Bwana sanakweze mawu. Anangotambasula dzanja kulandira foniyo, namvetsera zimene zinali m'fonimo, kenako anauza mkuluyo kuti akasiye yunifolomu ku ofesi.

Makutu anamva kukoma, ndipo sanabise n'komwe. Njira yonse yotsalayo anatsogolera yekha, akuloza mpheta ndi atsekwe mokondwa ngati tsiku la ukwati wake.

Madzulo ake mng'ono wake anafika pakhomo ndi ana atatu, maso ali psuu.

"Achemwali, mbalame yanu mwaibwezera," anatero. "Ndiye awa muziwadyetsa ndinu."

Anawakhazika pakhonde n'kutembenuka, osatsanzika. Anawo ankangoyang'ana pansi, wamng'ono atakumbatira kachikwama ka zovala.

Makutu analowa m'nyumba kukatenga mbale zina zitatu. Koma kupepesa, sanapepese.